Momwe mungapemphere ndalama zojambulira mapu a mitsinje ndi madambo a ku Kasungu ndi Mchinji

Anthu akamva za ndalama zosamalira m'mphepete mwa nyanja amati n'za a ku Nkhotakota ndi Salima. Komatu Bua amachokera ku Mchinji, Dwangwa amachokera m'nkhalango ya Kasungu, ndipo onse awiri amakathira m'nyanja ya Malawi. Dothi lokokoloka m'madimba a kuno limakakwirira miyala ya mu Bua momwe mpasa umaikira mazira. Gulu la kuno nalo likhoza kupempha thandizo, bola pempho lake lionetse ubale umenewu.

Poyamba penipeni, lembani funso limene mapu akayankhe. Opereka ndalama amafuna kudziwa chimene chidzachitike mapuwo akatuluka. Chiganizo chimodzi n'chokwanira: tikufuna kudziwa malo onse pomwe gombe la mtsinje wa Rusa likugumuka, kuti komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi idziwe podzala nsungwi ndi vetiva. Tengani dera laling'ono, makilomita 10 kapena 15 a mtsinje umodzi, kwa gulupu mmodzi kapena awiri. Pempho lofuna kujambula boma lonse limasonyeza kuti olemba sanayendepo m'dambo.

Kenako pitani kwa mafumu, musanagwire chida chilichonse. Kuno nkhani za malo n'zovuta chifukwa cha maesiteti a fodya, ndipo munthu akaona mlendo akuyenda ndi GPS m'mbali mwa dimba lake amaganiza kuti akudzamulanda. Pemphani anyakwawa aitanitse msonkhano, mufotokoze kuti simukuyeza malire a munda wa wina aliyense, ndipo oyenda ndi mafoni akhale achinyamata a m'mudzi momwemo. Zokambiranazo zilembedwe, zipite ku komiti ya chitukuko ya kwa gulupu (VDC), kenako ku komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu (ADC), mpaka kukhonsolo. Ntchito imene yalowa m'ndondomeko ya chitukuko cha boma ndiyo imatha kupeza ndalama zodzera kukhonsolo. Pemphaninso kalata yokuvomerezani kuchokera ku komiti ya zachilengedwe ya khonsolo, ija amati DESC.

Kopempha kulipo kungapo. Bungwe la boma la National Commission for Science and Technology limalengeza ndalama za kafukufuku, ndipo kumeneko n'kwanzeru kulowa pamodzi ndi sukulu ya ukachenjede monga LUANAR kapena Mzuzu University. Palinso thumba la GEF Small Grants Programme loyendetsedwa ndi UNDP, nthambi ya chitukuko ya United Nations, lomwe limapereka ndalama ku magulu a m'midzi. Kulikonse, khalani ndi chiphaso cha kalembera wa gulu, malamulo a gulu olembedwa, ndi akaunti ya kubanki yosainira anthu osachepera awiri. Akaunti ya munthu mmodzi imagwetsa pempho.

Musapemphe ndalama za zinthu zimene zilipo kale kwaulere. Onani kaye pa MASDAP, tsamba la pa intaneti losungira mapu a dziko lino, ndi mapu a 1:50,000 a ku nthambi ya boma ya Surveys. Zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 n'zaulere, zinayamba mu 2015, ndipo zimabwera pafupifupi masiku 5 aliwonse. Pulogalamu ya QGIS yojambulira mapu ndi KoboToolbox yolembera pa foni nazo salipira.

Apa ndi pomwe ntchito zambiri zimasokonekera, choncho lembani m'pempho momwe mudzapewere. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha Sentinel-2 kamaimira mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Dambo lonse limaoneka bwino, koma chigwembe cha mamita atatu sichioneka, ndiye kuyenda pansi n'kosathawika. GPS ya pa foni nayo imaphonya ndi mamita 5 mpaka 10, makamaka pansi pa mitengo. Imani pamalopo theka la mphindi kuti ikhazikike musanalembe. Vuto lina ndi la mapu akale. Iwo anajambulidwa pa muyeso (njira yodziwira pomwe malo ali pa mapu) wotchedwa Arc 1950, pomwe foni imagwiritsa ntchito wina wotchedwa WGS 84. Mukasanjikiza ziwirizi osasintha muyeso mu QGIS, mtsinje umasuntha ndi mamita mazana angapo, chitsime n'kuoneka ngati chili kutsidya. Sankhani muyeso umodzi, WGS 84 UTM 36S, ndipo aliyense m'gulu autsatire.

Nyengo nayo iganizireni. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitambo imaphimba zithunzi, ndiponso madambo sapitika. Kuyenda pansi kuyikeni pakati pa Meyi ndi Julayi, pomwe zipsera za madzi osefukira zikadaoneka. Zithunzi za Ogasiti zimasiyanitsa bwino dambo lobiriwira ndi minda youma, koma utsi wa moto wa kutchire ukachuluka zimachita chimbuuzi.

Pa bajeti, ndalama zambiri zipite ku maphunziro, mayendedwe ndi kusindikiza mapu. Mafoni anayi kapena asanu, mabatire onyamula m'manja, kompyuta imodzi, masiku atatu ophunzitsa, n'zokwanira dera longa limeneli. Onetsaninso chimene gulu likuperekapo, ngakhale ndi ntchito ya manja chabe. Droni musagule. Kasungu ndi kumene boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesererapo madroni mu 2017, ndipo sukulu ya African Drone and Data Academy yakhala ikuphunzitsa achinyamata kuyambira 2020, choncho odziwa kuulutsa alipo. Lembani mmodzi ganyu ya masiku awiri pamalo ovuta okha. Pafunika chilolezo cha a zamaulendo a ndege, ndipo ngati muli pafupi ndi malo osungira nyama a Kasungu, chinanso cha nthambi ya zanyama zakutchire.

Gawo lomaliza la pempho litchule wosunga zonse ntchito ikatha. Mafayilo apite ku ofesi ya mapulani ya khonsolo ndi ya zankhalango, mapu osindikiza pa pepala la A1 okutidwa ndi pulasitiki apite kwa gulupu ndi ku komiti ya m'mudzi, mayina a malo alembedwe monga eni ake amawatchulira. Ikaninso mwezi umene mudzabwerere pamalo omwewo chaka chamawa kukawerenga nsungwi zimene zagwira.