Momwe mungayendere pa galimoto kukaona Iringa, Bagamoyo ndi Kilwa ku Tanzania

Ulendo uwu ndinauyenda ndi banja langa pa galimoto yathu, kuchokera ku Karonga mpaka kunyanja yamchere, ndipo umafuna masiku osachepera khumi ngati mukufuna kuona malo modekha. Zokonzetsa galimoto ndi kuona matayala sindizifotokoza, chifukwa aliyense amene anakwerapo phiri la Chiweta amazidziwa kale. Chimene chimasankha ngati mudutse malire kapena mubwerere ndi mapepala.

Choyamba, onetsetsani kuti dzina lomwe lili pa blue book ndi lomwe lili pa pasipoti yanu. Ine ndinagula galimoto kwa mlamu wanga ndipo sindinasinthe umwini, poganiza kuti kalata yogulitsirana yomwe tinalemba pamanja ndi yokwanira. Titawoloka mlatho wa Songwe n'kufika ku Kasumulu, chipata cholowera ku Tanzania, wogwira ntchito za kasitomu anayang'ana mapepala awiriwo, n'kundiuza mwaulemu kuti sangapereke chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi popanda kalata ya mwini wake yodindidwa ndi loya. Sanalakwe, chifukwa malire amenewa amadutsa magalimoto ambiri ndipo ena ndi obedwa. Tinagona masiku awiri pamalirepo, ana akudya nthochi zokazinga za pamsewu, kudikira kuti mlamu wanga ku Mzuzu apeze loya ndi kutumiza kalatayo pa minibasi. Choncho ngati galimoto si ya dzina lanu, kapena mukubwezabe ngongole ku banki, tengani kalata yachilolezo musananyamuke, pamodzi ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa. Mujambulitse pepala lililonse katatu.

M'masiku awiri amenewo ndinaona mmene anyamata odzitcha maejenti amagwirira ntchito. Amathamangira galimoto isanaime, atanyamula mafayilo, ndipo ena amagulitsa inshulansi ya COMESA Yellow Card yomwe pambuyo pake imapezeka kuti ndi yabodza. Gulani yanu ku kampani ya inshulansi kuno kumudzi, ndipo muone ndi maso anu kuti Tanzania yalembedwapo. Osintha ndalama a pamsewu nawonso musawapatse makwacha musanawerenge mashilingi m'manja mwanu, chifukwa ndalama za 10,000 amazipinda pakati kuti mpukutu uoneke waukulu. Popempha chilolezo cha galimoto, tchulani masiku oposa amene mwakonza. Kumbukiraninso kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi.

Mukadutsa, msewu umakwera m'minda ya tiyi mpaka ku Tukuyu, tawuni yomwe Ajeremani ankaitcha Neu Langenburg. Pa Uyole khotetsani kumanja, osalowa mu Mbeya, ndipo mudutse Makambako ndi Mafinga kupita ku Iringa. Mukaona chikwangwani cha 50, tsitsani liwiro nthawi yomweyo ndipo musawonjezere mpaka mutaona chikwangwani chothetsa lamulolo, chifukwa apolisi ovala zoyera amaima ndi makina oyezera liwiro pafupifupi pamudzi uliwonse. Mukagwidwa, pemphani kuti akupatseni nambala yolipirira boma ndipo musunge umboni wake.

Ku Iringa gonani masiku awiri. Nyumba yakale ya boma yomwe anamanga Ajeremani tsopano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, koma malo amene anandikhudza mtima ndi Kalenga, kunja pang'ono kwa tawuni, komwe kunali linga la Mfumu Mkwawa ya Ahehe. Mkwawa anagonjetsa asilikali a Ajeremani ku Lugalo mu 1891, ndipo mu 1898 anadziwombera yekha pokana kugwidwa. Chigaza chake chinatengedwa kupita ku Germany n'kubwezedwa mu 1954, ndipo lero chili m'bokosi la galasi m'kanyumba kakang'ono, bowo la chipolopolo likuoneka. Wotiyendetsa analankhula Chiswahili, koma mawu ambiri tinkawamva.

Kuchoka ku Iringa nyamukani m'mamawa kuti mutsetsereke phiri la Kitonga kusanadzaze malole, ndipo podutsa m'nkhalango ya Mikumi musaime kapena kuthamanga, popeza kugunda nyama kuli ndi chindapusa chachikulu. Pa Chalinze khotani kumanzere kulowera ku Msata, kenaka mutenge msewu wa Bagamoyo, kuti mupewe kuchulukana kwa magalimoto mu Dar es Salaam.

Bagamoyo inali likulu la Ajeremani m'dziko limeneli mpaka 1891. Pitani ku mishoni ya Akatolika yomwe inayamba mu 1868, komwe mtembo wa David Livingstone unafikira mu February 1874 usanapite ku Zanzibar. Mmodzi mwa anthu amene anaunyamula kuchokera ku Chitambo, komwe Livingstone anamwalirira ku Zambia, anali James Chuma, Myao yemwe anamasulidwa ku ukapolo m'dera lathu la kummwera mu 1861. Mabwinja a mudzi wakale wa Kaole ali pafupi ndipo ola limodzi limakwanira.

Kilwa Masoko ili pa mtunda wa makilomita oposa 300 kummwera kwa Dar es Salaam, kudzera pa mlatho wa Mkapa pa mtsinje wa Rufiji. Siyani galimoto pamalo ogona, tengani chilolezo ndi wokuyendetsani, mukwere bwato kupita ku chilumba cha Kilwa Kisiwani kukaona mzikiti waukulu ndi nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa. Ibn Battuta, woyenda m'maiko wotchuka wa ku Morocco, anafika kumeneku mu 1331, ndipo akapolo omwe a Jumbe ankawolotsa nyanja kuchokera ku Nkhotakota ankawafikitsa kugombe la Kilwa, ku Kivinje. Pobwerera njira ndi yomweyo, ndipo chilolezo cha galimoto muchibweze pa Kasumulu masiku ake asanathe.