Kafufuzidwe ka mbiri ya nyumba zakale za mu Harare

Ambirife tikamayenda mu Robert Mugabe Road maso amakhala pansi, kuopa kuponda katundu wa ogulitsa malonda, motero sitiona kuti pamwamba pa zikwangwani za masitolo pali makoma amene aima zaka zoposa 100. Kafukufuku wanu ayambire pomwepo. Pitani Lamulungu m'mawa msewu usanadzaze, muime tsidya lina, mukweze maso. Amisiri akale ankakonda kulemba chaka pachipumi pa nyumba, ndipo pena mudzapeza nambala ngati 1910 kapena 1911 itakwiririka ndi penti, pena khonde la malata likadali pansanamira zake zachitsulo. Lembani chaka, msewu ndi sitolo imene ili pansi pake lero.

Musanapite patali, dziwani maina akale a misewu, chifukwa mapepala akale sadziwa maina a lero. Mzinda wa Harare unali Salisbury kuyambira 1890 mpaka 1982. Robert Mugabe Road inali Manica Road, Samora Machel Avenue inali Jameson Avenue, Julius Nyerere Way, pamene pali Town House ya 1933, inali Kingsway, ndipo Kaguvi Street, m'tsinde mwa kaphiri ka Kopje, inali Pioneer Street.

Komabe, m'maganizo mwanga, nyumba zoiwalika kwenikweni si za m'tauni ayi, ndi za ku Mbare, lokeshoni imene inakhazikitsidwa mu 1907 ndipo inkatchedwa Harari. Kumeneko n'kumene makolo athu ambiri ochokera ku Nyasaland ankafikira, ena wapansi, ena pamalole a Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito, ndipo amene sanabwererenso kwawo anasanduka matchona. Ku mahositelo monga Matapi, amene anamangidwira amuna okhaokha, ku Mai Musodzi Hall, ku Stodart Hall ndi ku manda a Pioneer, sikuti mbiri yonse mudzaiwerenga pakhoma. Yambiri ili m'kamwa mwa okalamba. Matchalitchi nawo musawalambalale, pakuti ntchito imene inabala Sinodi ya Harare ya CCAP inayamba mu 1912, ndipo mabuku a ubatizo, ngakhalenso a mabungwe a maliro, amasunga maina a midzi ya kumudzi.

Pocheza ndi gogo pafunika ulemu ndi kufatsa. Musafike ndi foni m'manja. Perekani moni, munene kuti ndinu mwana wa yani, ndipo kapaketi ka shuga sikalakwika. Funso lakuti “tiuzeni mbiri ya Mbare” silibala kanthu, koma mukafunsa kuti “Agogo, kodi pakhomo ili ankalowa ndani, nanga m'chipinda chimodzi munkagona angati?” nkhani imatuluka yokha, mwina mpaka kukulozerani pamene panali mpope kapena pamene gule ankatulukira. Zaka amasokoneza, zimenezo n'zachidziwikire, choncho musawatsutse. Funsani ngati zinachitika Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanayambe mu 1953 kapena chitatha mu 1963, ndipo mudzayandikira chaka chenicheni.

Zimene mwamvazo kazitsimikizeni ku National Archives of Zimbabwe, mu Liberation Legacy Way, msewu umene unali Borrowdale Road, kumene kuli zithunzi, mapu ndi nyuzipepala zakale. Tengani chiphaso chanu, pensulo ndi dzina lakale la msewu. Ngati nyumbayo inamangidwa chaka cha 1910 chisanafike ndipo mwamva kuti aigwetsa, dziwitsani a National Museums and Monuments of Zimbabwe, poti lamulo limafuna kuti iwo auzidwe kaye.

Pojambula, nyumba za boma ndi za asilikali zisiyeni, ndipo pamene pakukhala anthu pemphani kaye chilolezo. Jambulani nyumba yonse muli patali, kenaka musendere pafupi mujambule chaka, mazenera ndi njerwa pamene pulasitala wagamuka, ndipo chithunzi chilichonse muchilembe tsiku ndi dzina la msewu musanagone.