Kasamalidwe ka dimba chisanu chikangoyamba

Alimi anzanga, kuzizira kukangoyamba ambiri amaika kheni pansi nkumati dimba lipume kaye, koma ino ndi nthawi imene mbewu zimafuna diso lanu kwambiri, makamaka madzulo. Chisanu choononga sichigwa usiku wa mitambo ayi, chimagwa usiku woti kumwamba kwayera nyenyezi zikuoneka ndipo mphepo kulibe, chifukwa kutentha komwe nthaka inasunga masana kumangothawira mmwamba popanda chotchinga. Kuzizira kukafika pa digiri 0 madzi a mkati mwa tsamba amaundana nkuphulitsa timinofu take, ndiye mmawa mumapeza masamba adetsedwa alefuka ngati mwawathira madzi owira.

Choyamba dziwani mbewu zanu. Tomato, tsabola, nyemba, nkhaka ndi mabiringanya sizipirira olo pang'ono, pomwe kabichi, nsawawa, karoti, anyezi ndi adyo zimakula bwinobwino kukuzizira. Komanso mpweya wozizira ndi wolemera umatsikira kumunsi nkukakhazikika pamalo otsika, choncho mabedi a kumunsi kwa dimba muziwasiyira mbewu zopirira zija.

Mukaona kuti usiku wa lero kuyera, fundikani mbewu zosapirira dzuwa lisanalowe, masaka kapena nsalu zakale zimakwana, bola zifike mpaka pansi kuti zitsekere kutentha kochokera mdothi. Zikani timitengo kuti chofundacho chisatsamire masamba. Pulasitiki ineyo sindiikonda kwenikweni, pomwe yakhudza tsamba pamapsabe basi, ndipo mukachedwa kuichotsa mmawa dzuwa likatuluka mbewu zimaphikika mkatimo.

Nkhani ya madzi ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri. Ena amasiyiratu kuthirira, ena amathirira tsiku ndi tsiku ngati mchilimwe chotentha, onsewa akulakwitsa. Madzi sauma msanga nyengo ino ndiye mukachulutsa mizu imaola, koma dothi louma gwa nalonso silisunga kutentha, lachinyontho ndi lomwe limafunda masana nkumatulutsa kutenthako pang'onopang'ono usiku. Lowetsani chala mdothi masentimita 5, mukamva kouma thirirani, ndipo muzithirira mmawa patsinde osati pamasamba kuti pofika usiku zikhale zauma, masamba onyowa usiku amaitana matenda a chiwawu ndi nkhungu. Kenako phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba masentimita 5 mpaka 8, koma siyani kampata kuzungulira tsinde lisaole.

Feteleza wa yuleya pa mitengo ya zipatso dikirani kaye chonde, amatulutsa nsonga zanthete zomwe chisanu chimayambira kupsereza. Nthambi zomwe zapsa kale musathamangire kuzidula ngakhale zikuoneka zonyansa, zimateteza za mkati, mudzadula kuzizira kukatha mukaona pomwe mtengo waphukira.

Zotsalira za mbewu zodwala zulani muotche kapena mukwirire kutali, musaponye pa kompositi chifukwa mulu sutentha mokwanira nyengo ino kuti uphe tizilomboto. Zabwinobwino zokha ndi zomwe zipite pamulu, ndipo muufundike. Pa kabichi muzitembenuza masamba kawiri pa sabata, nsabwe za mmasamba zimabisala kunsi ndi kunsonga, zikadali zochepa madzi osakaniza ndi sopo pang'ono amazithetsa. Khasu, fosholo ndi sizasi yodulira tsukani, ziume, mupake oyilo zisachite dzimbiri.