Momwe mungadziwire beringi yakufa ndi kuisintha pa galimoto yaing'ono

Galimoto ikayamba kulira kuti "wuuu" mukamathamanga, ambiri amathamangira kugula matayala. Nthawi zina limakhaladi tayala lodyeka mbali imodzi, koma kwa ife oyenda misewu ya ku Jali ndi ku Chingale, kawirikawiri imakhala beringi, chitsulo chokhala ndi tinsolo mkati chimene tayala limazungulirapo. Ndikamba za Sienta, Vitz ndi Probox, poti ndi zimene zadzaza mu Zomba muno.

Yambani ndi khutu. Pezani malo owongoka pa M3 cha ku Thondwe, nthawi yoti msewu uli phee. Phokoso la beringi limakwera ndi liwiro la galimoto, osati la injini, moti ngakhale musiye kuponda moto limapitirirabe. Pendeketsani chiwongolero pang'ono. Likakula mukamakhotera kumanzere, nthawi zambiri yakufa ili kumanja, chifukwa kulemera kwapita kumeneko. Ikamati "ta-ta-ta" pokhota kwambiri, imeneyo ndi CV joint, beringi isiyeni.

Kunyumba ikwezeni pa jeki, muike stand kapena chitsa cholimba pansi. Jeki yokha musaikhulupirire. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamasewera, mnzanu aponde buleki: kusewera kukatha ndi beringi, kukapitirira ndi ball joint. Kugwedeza mbali ndi mbali kumaulula tie rod end ndi rack end. Beringi ina imalira koma yosasewera. Zungulitsani tayala dzanja lina lili pa sipuling'i, mudzamva kunjenjemera.

Pogula tengani nambala ya chassis. Koyo, NSK ndi NTN ndi zabwino, koma mabokosi olembedwa mayina amenewa okhala ndi zabodza mkati alipo ambiri, kuno komanso ku Limbe. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya sipeya sikukhazikika, choncho funsani masitolo angapo. Wina akakutchulirani theka la mtengo wa anzake, mudziwe kuti pali nkhani. Zochotsa ku galimoto zophwasula musagule, beringi ikatuluka kamodzi yatha ntchito.

Masulani nati yaikulu yapakati galimoto ikadali pansi, mutawongola kaye pamene inapindidwa. Chotsani caliper, chitsulo chogwira mapadi a buleki, muimangirire ndi waya, isalendewere pa paipi ya buleki. Chotsani disc, sensor ya ABS, tie rod end, ball joint ndi mabawuti awiri a shoko. Knuckle yonse, chitsulo chimene beringi imakhalamo, ituluka m'manja.

Apa ndiye pamene ndikupempha mudekhe. Beringi yakutsogolo imalowa ndi press, makina okankha mwamphamvu, osati hamala. Yanga ina anailowetsa pagalaja pena pomenya ndi hamala ndi chidutswa cha paipi, nati bwana zatheka. Mwezi sunathe, phokoso linabwerera, nyale ya ABS nayo ili ngwee. Titamasula tinapeza zolakwika ziwiri. Anamenya pa mphete yamkati ya beringi, tinsolo tachitsulo n'kusindikiza timaenje m'njira imene timayendamo, ndipo timaenjeto ndi timene timalira. Komanso anaitembenuza. Beringi zambiri za galimoto za ABS zili ndi maginito mbali imodzi, ndipo mbali imeneyo imayang'ana mkati, kumene kuli sensor. Ngati simukuizindikira ndi maso, yandikizani kapini kapena kawaya kakang'ono, kamamatira kumbali ya maginitoyo.

Ndiye nyamulani knuckle yanu mupite kwa makaniko amene ali ndi press, muime pomwepo muziona. Atulutse hub (pamene tayala limamangidwa), achotse circlip (kamphete kotsekera beringi m'bowo), atulutse yakaleyo, apukute dzimbiri m'bowo. Mphete yamkati imakonda kutsalira pa hub. Aicheke pang'ono ndi grinder osakhudza hub, aimenye ndi tchizulo ing'ambike. Polowetsa yatsopano mphamvu igwere pa mphete yakunja yokha. Circlip ibwerere m'malo mwake. Polowetsa hub, mphete yamkati aichirikize kunsi, apo ayi beringi imagawanika pomwepo. Girisi musawonjezere, imabwera yothira kale. Ndalama ya press ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula beringi kawiri.

Pobwezera gwiritsani nati yatsopano, muimange ndi torque wrench molingana ndi buku la galimotoyo, muipinde pakamphako. Galimoto musaiyendetse, ngakhale kuikankha, natiyo isanamangidwe. Kumbuyo n'kosavuta, pa zambiri hub yonse imachoka ndi mabawuti anayi.

Poti mwamasula kale, onaninso zina. Shoko yonyowa mafuta yatha, ndipo amasintha awiri awiri. Amene amatsika ku Ku Chawe ndi shoko zakufa amadziwa mmene galimoto imayepera m'makona aja. Kugogoda pa mahampu kawirikawiri ndi stabiliser link, n'zotchipa. Mabushi ong'aluka sinthani, koma mabawuti ake mumange galimoto itakhala kale pa matayala. Mukatha kaipangitseni alignment, apo ayi matayala akutsogolo adyeka mbali imodzi.