Mmene msilikali wopuma amene ali ndi ulumali angapeputsire msonkho wa nyumba mumzinda wa Mzuzu

Asilikali ambiri amene adagwirapo ntchito ku Moyale Barracks adamanga nyumba zawo ku Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo, Katawa ndi Luwinga, ndipo pakati pawo pali ena amene adavulala ali pantchito, kaya munjira ya njanji ya ku Nacala m'dziko la Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kaya pantchito yosungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo. Penshoni ya munthu wotere imathera kumankhwala ndi kumayendedwe, choncho kalata ya khonsolo yokumbutsa za msonkho wa nyumba, umene ambiri amangoutchula kuti city rates, ikafika imapeza m'thumba muli mbee.

Pali mphekesera imene iyenera kuchotsedwa poyamba, yoti msilikali amene adalumala pankhondo salipira msonkho wa nyumba. Zimenezi ndi zoona kwina, koma si kuno. Ku Texas, m'dziko la United States, kuyambira 2009 msilikali amene ofesi yoona za asilikali opuma yamuyeza kuti ulumali wake wafika pa 100 peresenti salipira msonkho panyumba imene akukhalamo, ndipo ku Florida ndi ku Virginia kulinso malamulo ofanana nawo. Kuno kwathu msonkhowu umayendetsedwa ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, ndipo malo amene lamuloli limawakhululukira ndi monga matchalitchi, mizikiti, manda, komanso zipatala ndi sukulu zosachita malonda. Nyumba ya msilikali wopuma ili m'gulu limodzi ndi nyumba ya mphunzitsi kapena ya wamalonda. Thandizo limene lingapezeke ndi lochita kupempha polemba kalata, ndipo amene wangosiya kulipira poganiza kuti boma likudziwa kale za kuvulala kwake akudzikundikira ngongole.

Musanapite kulikonse, siyanitsani mapepala amene muli nawo. Lendi ya malo, imene mumalipira kwa amene adakupatsani puloti, kaya ndi Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation kapena khonsolo yomweyo, ndi yosiyana ndi msonkho wa nyumba, ndipo risiti ya chimodzi siyifafaniza ngongole ya chinzake. Mukatero pitani kuofesi ya zachuma kukhonsolo ya mzinda wa Mzuzu mutatenga nambala ya puloti ndi chiphaso cha unzika, ndipo mukapemphe pepala losonyeza mbiri yonse ya akaunti yanu. Pepalalo mukaliwerenge pofuna kudziwa zinthu ziwiri: msonkho weniweni ndi ndalama zingati, ndipo chilango cha kuchedwa ndi ndalama zingati. Lamulo la 1998 lidaika chilango cha 4 peresenti pamwezi pamsonkho umene wapitirira masiku 60 osalipiridwa, kutanthauza kuti ngongole ya K100,000 imabereka K4,000 mwezi uliwonse, ndipo pakatha zaka ziwiri chilangocho chimatsala pang'ono kufanana ndi msonkho umene. Nchifukwa chake pangongole yakale gawo lalikulu limakhala chilango.

Khomo limene ambiri saligogoda ndi la mtengo umene nyumba idapatsidwa. Msonkho sauwerengera potengera penshoni ya mwini nyumba, koma potengera mtengo wa malo ndi zomangidwapo monga zidalembedwera m'kaundula wa khonsolo, amene lamulo limati azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse, kuphatikizapo kaundula woonjezera wa nyumba zatsopano ndi zimene zakulitsidwa. Pemphani kuti muone mmene nyumba yanu idalembedwera. Onani ngati dzina la mwini ndi nambala ya puloti zili zolondola, ngati kukula kwa nyumba kukugwirizana ndi chimene chili pamalopo, ngati sadawerengere nyumba yakuseri imene idagwa ndi mvula, komanso ngati malowo adalembedwa kuti ndi okhalamo osati ochitirapo malonda, chifukwa kagolosale kamene kadatsekedwa kalekale kangathe kukhala kakukulipiritsanibe. Mukapeza cholakwika, lembani kalata yotsutsa mtengowo, muikepo zithunzi ndi mapulani a nyumba. Nthawi yoperekera madandaulo otere imakhala yochepa ndipo imalengezedwa kaundula watsopano akatuluka, choncho muzitchera khutu kuzidziwitso za khonsolo, komanso musaleke kulipira pamene dandaulo lanu likuunikidwa.

Apa pali mfundo imene imakhudza anthu aulumali mwapadera. Munthu woyenda panjinga ya olumala amakakamizika kumanga potsetsereka polowera m'nyumba, kukulitsa zitseko, mwinanso kuonjezera bafa ndi chimbudzi cha mkati chifukwa sangathe kufika kuchimbudzi chakunja, makamaka kumalo otsetsereka ngati ku Masasa nyengo ya mvula. Woyeza mtengo wa nyumba akafika amaona chipinda chatsopano, saona chifukwa chimene chidamangidwira. Mufotokozereni, ndipo mulembenso m'kalata kuti zoonjezerazo zidamangidwa chifukwa cha ulumali, osati pofuna kupangitsa lendi. M'maganizo mwanga, imeneyi ndi mfundo yamphamvu kuposa kungodandaula kuti zinthu zakwera mtengo, chifukwa dandaulo la kukwera kwa zinthu mwini nyumba aliyense mumzinda uno ali nalo.

Kalata yopempha thandizo ipite kwa mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo, ndipo isapitirire tsamba limodzi. Tchulani dzina lanu, nambala ya puloti, nambala yanu ya usilikali, chaka chimene mudapuma ndi mtundu wa ulumali wanu, kenako nenani chimene mukupempha mosapita m'mbali: kuti chilango cha kuchedwa chichotsedwe kapena chichepetsedwe, ndi kuti msonkho wotsalawo muulipire pang'onopang'ono. Lembani ndalama imene mungakwanitse mwezi uliwonse ndi tsiku limene penshoni imalowa, ndipo musalonjeze zoposa mphamvu zanu pofuna kuoneka bwino, pakuti mgwirizano ukasweka mwezi wachiwiri kumakhala kovuta kupemphanso. Ngati nkotheka, lipirani kangachepe tsiku lomwelo ndi kumata risiti pakalatayo. Phatikizanipo makope a chikalata chopumira ntchito ku Malawi Defence Force, lipoti la dokotala wa usilikali kapena wa pachipatala chachikulu cha Mzuzu, pepala la penshoni ndi umboni wa umwini wa malo. Zikalata zenizeni zitsale kunyumba, ndipo kope yanu ya kalatayo idindidwe chidindo chosonyeza tsiku limene yalandiridwa.

Khonsolo siyikakamizidwa kuvomera, ndiye ndi bwino kuti pempho lisayende lokha. Khansala wa dera lanu apatsidwe kope, chifukwa makhansala ndiwo amakambirana ndi kuvomereza bajeti ndi milingo ya msonkho chaka cha ndalama chisanayambe pa 1 Epulo. Kalata yochitira umboni yochokera ku Veterans and Ex-Service League of Malawi, bungwe la asilikali opuma limene limadziwika ndi maluwa ofiira a mwezi wa Novembala, kapena ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, imalimbitsa nkhani yanu. Ndipo asilikali opuma khumi kapena makumi awiri akalemba limodzi kupempha ndondomeko yokhazikika, nkhaniyo imakhala yoyenera kukambidwa pamsonkhano wa makhansala, pamene kalata ya munthu mmodzi imathera patebulo la ofesala mmodzi. Amene sangathe kuyenda atume mkazi wake kapena mwana wamkulu ndi kalata yomupatsa mphamvu yomuyimira.

Ngongole ikafika zaka zitatu nkhani imasintha, chifukwa lamulo limalola khonsolo kulengeza m'nyuzipepala, kupita kukhothi ndi kugulitsa nyumbayo pamsika wopikisana mitengo kuti ipeze ndalama zake. Mukalandira kalata yotchula zimenezi musadikirenso yankho la pempho lija, koma pitani msanga ku Legal Aid Bureau, amene ali ndi ofesi mu Mzuzu ndipo amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Ngongole ya msonkho imatsatira nyumba, kotero mwini wake akamwalira imagwera mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kusintha dzina la umwini kumavuta ngongoleyo isanathe. Pachifukwa chimenechi marisiti onse, kope yodindidwa ija ndi mgwirizano uliwonse umene khonsolo yasaina zisungidwe mufayilo imodzi imene apabanja akudziwa pamene ili.