Mmene Mungapimile Magetsi Geji ya Kutentha kwa Injini Ikamanama

Singano ikafika pofiila, imikani galimoto ndi kuzimitsa injini. Musatsegule civindikilo ca ladiyeta injini ikali yotentha. Kuno ku Johannesburg tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo civindikilo cikatsegulidwa madzi amawila pa 94°C cabe, conco akhoza kukuthuvukilani kumaso. Injini ikazizila, onani kuculuka kwa madzi. Sensa, kacipangizo kopima kutentha kwa madzi, ifunika kumila m'madzi. Ikakhala mu mpweya imapeleka nambala yabodza.

Yambani ndi waya wa earth, umene umabweza magetsi ku negative ya batili. Anthu ambili amathamangila kukagula sensa yatsopano pamene vuto ndi dzimbili pa bawuti imodzi. Lizani injini, yatsani malaiti ndi fani ya hita. Singano ikakwela nthawi yomweyo, ndiye kuti magetsi akusowa njila yabwino yobwelela ku batili. Ikani multimeter, cipangizo copimila magetsi, pa DC volts, cingwe cimodzi pa negative ya batili, cina pa citsulo ca injini: isapitilile 0.2V. Ikapitilila, masulani wayayo, palani mpaka citsulo ciwale, mangani zolimba. Batili isonyeze 12.6V injini itazima, ndi 13.8V mpaka 14.5V ikulila.

Kenako sensa. Galimoto zambili zakale zili ndi ziwili: ya waya umodzi imayendetsa geji, ya mawaya awili imauza kompyuta ya galimoto. Zulani pulagi ya mawaya awili, pimani ma ohm pa sensa. Pa zambili, 20°C imapeleka pafupifupi 2,500, ndipo 80°C pafupifupi 300, cifukwa nambala imatsika madzi akamatentha. M'mawa wozizila wa June ingafike 5,000. Musadabwe, ili bwino. Kiyi ili pa ON, pulagi ikhale ndi 5V.

Pa makina a OBD2, amene amawelenga zolakwika za mu kompyuta ya galimoto, nambala ya P0118 nthawi zambili ndi waya woduka kapena pulagi yobiliwila ndi dzimbili. Kompyuta imaona -40°C, mafuta amatha msanga, ndipo pa galimoto zambili fani imazungulila osapuma. P0117 ndi waya wakhudza citsulo. Fufuzani pamene wakhuzika kapena kupsa pafupi ndi ekizozi.

Pomanga sensa ya waya umodzi musakulunge tepi pa mazinga ake. Earth yake imadutsa m'mazingamo, ndipo tepi ikatseka njila, geji idzasonyeza kuti injini ndi yozizila pamene ikuwila.