Kutulutsa ophunzira panja kukaphunzira zachilengedwe: malangizo kwa aphunzitsi

Aphunzitsi ambiri a ku pulaimale akamva zotulutsa ana kukaphunzira zachilengedwe panja, amayamba kuwerengera ndalama za basi yopita ku Liwonde kapena ku Cape Maclear, ndipo akaona kuti makolo sangakwanitse kusonkha, nkhaniyo imathera pomwepo. Maulendo oterowo ndi abwino ndithu, koma phunziro limene limakhazikika mwa mwana ndi la pamalo amene angafikepo wapansi kuchokera pasukulu n'kumabwererako kangapo pachaka, monga dambo, mtsinje, nkhalango ya m'mudzi, ngakhale chigwembe chimene madzi akukumba kuseri kwa bwalo la mpira.

Musanatenge ana, kayendereni nokha malowo kukadali masiku angapo, kuti mudziwe njira, poimitsa gulu pamthunzi, ndiponso nthawi imene mungatenge popita ndi pobwera. Kenako dziwitsani mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, ndipo mukapemphe chilolezo kwa amfumu kapena kwa mwini munda. Ngati malowo ndi nkhalango ya m'mudzi, komiti yoyang'anira zachilengedwe ndi mlangizi wa zankhalango adziwe, chifukwa iwo ndiwo amadziwa mbiri ya malowo. M'midzi yambiri mitengo yachilengedwe ikuluikulu inatsala kumanda kokha, ndipo m'madera a Achewa malo amenewo amakhalanso dambwe. Ana musawalowetse kumeneko. Aimirire chapatali, aone kusiyana kwa mitengoyo ndi minda yoizungulira, ndipo muwafunse chifukwa chake nkhwangwa siifikako.

Ulendo uliwonse ukhale ndi funso limodzi lokha. Mphunzitsi akafuna kuti ana aphunzire mbalame, dothi, mitengo ndi madzi m'mawa umodzi, anawo amabwerako atangotopa. Funso limene ine ndimalikonda kwambiri ndi la msangu. Tengani kalasi mu Okutobala, nthawi ya ng'amba, mukaime pansi pa msangu umene uli m'munda, ndipo ana ajambule mtengowo m'makope mwawo uli ndi masamba obiriwira pamene mitengo ina yambiri ili mbee. Mukabwerereko mu Febuluwale, ajambulenso. Adzapeza kuti mtengo uja wayoyola masamba pakati pa dzinja, ndipo chimanga cha pansi pake chikuoneka chobiriwira kuposa cha patali. Musafulumire kuwauza yankho. Alekeni akangane okha, afukule dothi la pansi pa mtengo ndi la pamtetete, alifananize mtundu ndi kufewa kwake, mpaka atazindikira kuti masamba ogwawo amaola n'kudyetsa nthaka, ndipo mtengo wopanda masamba sutchinga dzuwa pamene mbewu zikulifuna. Mwana amene wadzionera yekha zimenezi sadzavutika kumvetsa chifukwa chake alangizi timalimbikitsa alimi kusiya misangu m'minda.

Phunziro la kukokoloka kwa nthaka nalo silifuna zipangizo zogula. Pezani malo otsetsereka pang'ono, mbali ina ya udzu ndi ina yopanda kanthu, ndipo muthire madzi ofanana pa mbali zonse ziwiri ndi keni yothirira mbewu. Ana atape madzi otsika m'mabotolo oonekera mkati, awasiye akhazikike, kenako ayeze ndi rula matope amene atsalira pansi. Ophunzira a Sitandade 6 kupita m'tsogolo angathe kulumikiza zimene aonazo ndi matope amene anatsika m'phiri la Soche ku Blantyre pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Komabe nkhani imeneyi muikambe mosamala, chifukwa m'kalasi mungakhale ana amene anataya abale awo pa ngoziyo.

Makalasi athu ndi aakulu, ndipo mphunzitsi mmodzi sangayang'anire ana 80 m'tchire. Agaweni m'magulu a ana khumi kapena khumi ndi awiri, gulu lililonse likhale ndi munthu wamkulu, ndipo muwerenge ana ponyamuka, pofika ndi pobwerera. Pemphani amayi a m'gulu lothandiza ana pasukulu la mother group ndi akuluakulu a m'mudzi kuti akuperekezeni. Agogo amene amasiyanitsa mlombwa, muwanga, mbawa ndi msuku pongoona khungwa amaphunzitsa zimene sizili m'buku, ndipo ana alembe mayina a mitengo m'chilankhulo chawo choyamba, la Chingerezi libwere pambuyo.

Za chitetezo ndikuumirira kwambiri. Nyamukani m'mawa dzuwa lisanakwere, mutatenga madzi akumwa okwanira. Ana asalowe m'madzi odikha a m'dambo kapena m'mbali mwa nyanja mmene muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo m'mitsinje ngati Shire asayandikire gombe chifukwa cha ng'ona. Asapise manja m'mauna kapena pansi pa miyala, asagende zisa za mavu ndi njuchi, asadye zipatso kapena bowa wosadziwika, ndipo muwaonetse chitedze asanachikhudze. M'dzinja, mitambo ikayamba kuda ndi kugunda, bwererani msanga, musabisale pansi pa mtengo wautali, ndipo musaoloke mtsinje wodzaza ngakhale ukuoneka waung'ono. Mwana wa khungu lachialubino avale chipewa chachikulu ndi zovala zamanja aatali, ndipo njira isankhidwe yoti mwana wolumala nayenso afike.

Mukabwerera, tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, gulu lililonse lifotokoze zimene lapeza, ndipo zojambula zisungidwe kuti zidzafananizidwe ndi za ulendo wotsatira. Nyengo yodzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndi nthawi yabwino yoti kalasi idzale mbande za mitengo yomwe yaphunzira, mwana aliyense apatsidwe wake woti aziuthirira ndi kuutchinga ku mbuzi.

Sukulu imene yayamba motere ingakhazikitse kalabu yoona zachilengedwe n'kulumikizana ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene lakhala likugwira ntchito ndi makalabu a m'sukulu kwa zaka zambiri. Ndalama za ulendo wautali zikadzapezeka, malo monga Lilongwe Wildlife Centre, phiri la Michiru ku Blantyre ndi paki ya Liwonde amalandira magulu a ophunzira. Lumikizanani nawo kukadali milungu ingapo, mufunse za malipiro olowera ndi chiwerengero cha ana chimene angalandire pa tsiku limodzi.